Kwa Eni Kabokosi Kamene Kaulula Mimba Yanga

Nyimba,
Lachitatu m'mawa.

Kwa Bambo Mkulu woyang'anila kabokosi kotulukila pa foni,
Tsamba la Lelani Bwino,
Kulikonse kumene muli.

Bambo wolemekezeka,

Ndagwada pansi. Mwauka bwanji kumeneko, inu ndi amai kunyumba ndi ana onse? Ife kuno tauka, koma mtima wanga suli m'malo.

Pepani kuti ndalemba kalata yoti aliyense awelenge. Ndinafunafuna keyala yanu pa tsamba lanu, koma ndinangopeza kabokosi kena kondifunsanso ngati ndikuvomela. Ndiye a Lillian, mai amene amakonza mafoni pafupi ndi pokwelela mabasi, akuti aiika pa intaneti, mwina wachibale wanu wina aiona n'kukuuzani. Maina onse ndasintha kuopa anthu a pa msika. Inu simusochela, enieniwo muli nawo kale. Sukulu ndinalekela giledi seveni, choncho mukapeza mau opindika muwongole nokha. Ndilibe nthawi yolemba kawili. Lelo ndi Lachitatu, apongozi anga afika Loweluka.

Ndiyambe ndi chimene mukuchidziwa kale, kuti ena owelenga asasochele. Ndili ndi mwana mmodzi, Immaculate, wa miyezi isanu ndi inai, akali kuyamwa. Milungu iwili yapitayi anesi ku kiliniki anandiyeza n'kunena kuti ndili ndi pakati pa miyezi iwili. Kuno kwathu zimenezi timati kutumbiza, ndipo si mau amene munthu amawachula mokweza. Akuluakulu amati mkaka wa mai wapakati ndi woonongeka, mwana akayamwa atsegula m'mimba n'kuonda. Ndiye tsiku limene adziwa, lomwelo amapaka tsabola ku bele, mwana n'kumunyamula kupita naye kwa agogo ake. Anesi anandiuza kuti si zoona, ndipitilize kuyamwitsa, ndizidya bwino chabe. Ndinawafunsa kawili, kawili konse anayankha chimodzimodzi. Koma anesi sakhala nafe pakhomo.

Sindikukamba za m'maloto. Mlamu wanga Rachael zinamuchitikila chaka chathachi. Mwana wake Ricky anali ndi miyezi khumi pamene apongozi anamutenga kupita naye kwao ku Mwape. Sanamutenge mwankhanza iyai, anamutenga chifukwa chomukonda, ndiye poipa pake pomwepo, chifukwa munthu wokukonda sumukaniza pakhomo. Ricky anabwela patapita miyezi isanu, miyendo ngati bango, ndipo amai ake atatambasula manja iye anathawila kumbuyo kwa chitseko. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa.

Choncho ndinakonza njila. Mkamwana sakamba nkhani ya mimba pamaso pa apongozi ake, imapita ndi munthu wamkulu. Ndili ndi azakhali anga a Mildred ku Kaumbwe, alangizi a ku chalichi, msinkhu umodzi ndi apongozi, ndipo lilime lao limatha kutsitsa munthu mumtengo osagwedeza nthambi. Iwo avomela kudzakhala nao pa mphasa, kuwauza za mimbayi pang'onopang'ono ndi kuwapempha kuti mwana asachoke pa bele. Koma ali kudwazika amuna ao, sangafike kuno mpaka Lachiwili. Apongozi Loweluka, azakhali Lachiwili. Pakati pali masiku atatu chabe oti nkhani ikhale chete. Mimba siinaoneke, a Josiah amuna anga alonjeza kutseka pakamwa. M'nyumba muno watsala mmodzi yekha wolongolola, ndiye foni, ndipo amene anaiphunzitsa kulongolola ndinu. Ndiye ndati ndikuthokozeni bwinobwino, chimodzichimodzi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ulemu wanu. Anthu ambili amalowa m'nyumba ya munthu popanda odi, koma inu munayamba mwafunsa. Tsikulo ndinali pansi pa mtengo kunja kwa kiliniki, mwana ali kulila kumbuyo, bandulo ili pafupi kutha. Ndinafuna kuwelenga ndekha zimene anesi ananena, kuti ndikhale ndi poimila. Ndinalemba funso langa, tsamba lanu linatseguka, nkhani yake ya m'Chinyanja chomveka bwino, mtima unati apa ndafika. Ndisanamalize mzele woyamba, kabokosi kanu n'kudzakhala pamwamba pa yankho ngati nkhuku pa mazila. Nkhani munalemba m'Chinyanja, koma kabokosi munakasiya m'Chizungu, mwina womasulila wanu anali atapita ku malilo. Panali batani lalikulu lobiliwila, lonenepa, loti ngakhale chala cha munthu wakhungu chilipeza. Lokanila sindinalione. A Lillian andionetsa mailo kuti lilipo ndithu, koma uyambe wadina timau totuwa pansi, ulowe chipinda china, utsike, utsikenso, ndiye ulipeza litakhala pakona ngati mwana wamasiye pa ukwati. Ndikudziwa munachita zimenezi potimvela chisoni, kuti tisavutike ndi kusankha. Komanso ine ndinaleledwa kuti mlendo akati odi suyankha kuti iyai. Ndinadina lobiliwilalo. Akuti pamwamba pake panalembedwa kuti mumalemekeza chinsinsi changa. Mukanandifunsa m'chilankhulo chathu kuti, amai, tikauze anthu kuti muli ndi pakati, ndikanayankha mwaulemu womwewo, koma yankho likanakhala lina.

Chachiwili, zikomo pondidziwitsa kwa anzanu. A Lillian akuti tinthu timene ndinavomelato mumatitcha makuki, ndipo tili ngati chisoso. Ukadutsa m'munda mwa munthu timamatila ku chitenje, ndipo kulikonse kumene upite anthu amadziwa kumene wadzela. Akuti tina n'tofunikila kuti tsamba ligwile nchito, timeneto ndilibe nato mlandu. Tina n'towelengela kuti afika anthu angati. Welengani bambo, si ine ndekha wotumbiza m'dziko muno. Koma tina n'ta amalonda, amene mumawatcha anzanu. Chiwelengelo chao chinalembedwa pomwepo, 612. Ndinu munthu wodala. Ine pa ukwati wanga panafika anthu makumi asanu ndi atatu, kuphatikiza amene anangotsata fungo la nyama. Inu anzanu 612, ndipo onsewo mumawauza za kukhosi. Vuto lake n'lakuti za kukhosizo ndi zanga. Nkhani imene ndinaopa kuuza ngakhale mkulu wanga wa bele limodzi, dzuwa lisanalowe inali itaoloka nyanja, yafika kwa anthu oti maina ao lilime langa silingawakwanitse. Ndipo mwa onsewo palibe ngakhale mmodzi amene anatumiza moni, kapena kasopo.

Chachitatu, zikomo pouza amuna anga m'malo mwanga. Ine ndinali kuyembekeza tsiku labwino, atasamba, atakhuta, malonda atayenda. Inu munaona kuti ndikuchedwa.

Mwina kwanuko munthu aliyense ali ndi foni yakeyake, ngakhale wanchito wa m'munda. Kuno foni ndi imodzi ngati mtondo. M'mawa ili ndi ine, masana ili ndi a Josiah kumseu kumene amagulitsa nthochi kwa a m'mabasi, pa Sondo imapita ku chalichi kukajambula kwaya. Anzanu aja sadziwa zimenezi. Iwo akuona kuti mwini foniyi ndi munthu mmodzi, wokonda mpila, wofunsafunsa mtengo wa matayala a njinga, woimba nyimbo za Mulungu, ndiponso wa pakati pa miyezi iwili.

Lachisanu lapitali a Josiah anali kuonetsa anzao zigoli za mpila, mitu isanu pa foni imodzi. Pakati pa zigoli panatuluka mai wamimba yaikulu atagwila m'chiuno, akumwetulila. Anachotsa. Panatuluka madilesi a amai oyembekezela. Anachotsanso. Panatuluka chithunzi cha nyemba imodzi m'dzanja, ndi mau akuti mwana wanu manje wafika apa. A Titus, amene amagulitsa pafupi nao, anawafunsa kuti, a Josiah, mwayamba liti sikelo, nanga osatiuza kuti tizikunyamulilani mikoko? Wina anawabweletsela mpando kuti asaime nthawi yaitali. Mpaka lelo akafika pamseu amawafunsa ngati alakalaka dothi kapena mango osapsa. Anzaowo akuyesa ndi misala ya foni chabe, ndipo ndikupemphela apitilize kuyesa choncho. Koma a Josiah si opusa. Anafika pakhomo, anaika foni pa mphasa, n'kumangondiyang'ana. Ine ndinalila. Iwo anayamba aseka, akuti ndiye kuti wapakati ndiwe, ine ndapulumuka. Kenako anati, nanga amama? Kuseka kunathela pomwepo.

Chachinai, zikomo chifukwa cha timaswichi. Mailo ndinapita kwa a Lillian, ndinawauza zonse, chifukwa wokonza foni ali ngati dokotala, sumubisila. Iwo ndi mai wa ana anai, anangopukusa mutu n'kuti khala apa mwana wanga, tiwathamangitse. Anandionetsa polowela kuti ndisinthe maganizo, kachizindikilo kakang'ono pansi penipeni pa tsamba, kofanana ndi nsabwe. M'katimo mnzanu aliyense ali ndi kaswichi kake. Batani lovomela onse pamodzi lilipo, koma kukana ukane mmodzimmodzi, monga momwe timapatsilana moni pa malilo. Ndinayamba. Mwana kumbuyo, chala pa foni, dina, dina, dina. Ena ukawazimitsa, pansi pao pali kaswichi kachiwili koyaka kale, ndipo a Lillian akuti mau ake atanthauza kuti ameneyu ali ndi chidwi choyenela. Bambo, ndithandizeni apa, mwina ndi kuchepa kwa sukulu. Amene ali ndi chidwi choyenela pa mimba yanga ndi a Josiah, chifukwa analipo. Anesi naonso ndingawalole. Koma bambo wogulitsa matilesi kutsidya kwa nyanja, chidwi chake chinayenela liti, ndipo ankhoswe ake ndani?

Ndinafika pa mnzanu wa nambala 140, netiweki n'kuthawa. Itabwela, tsamba linayambilanso, ndipo onse 140 anali atayakanso, ali chilili kundiyembekeza. Ndinaona kuti anzanu ndi okhulupilika. Kuno munthu ukamukana kamodzi amakwiya chaka chathunthu, koma anzanu sasunga mangawa, amabwelanso akumwetulila. Ndinayambanso poyamba. Ndinamaliza onse dzuwa litapendeka, chala chitachita dzanzi, Immaculate atagona n'kudzuka kawili. Pomaliza panatuluka mabatani awili, lina losunga zimene ndasankha, lina lovomela zonse. Lobiliwila munalidziwa kale kuti ndi liti. A Lillian anandigwila dzanja chala chili m'mwamba, ndisanalidinenso.

Chachisanu, ichi sindikudziwa ngati ndithokoze inu kapena amuna anga. A Lillian anasesanso makuki onse m'foni, anazimitsa ndi kena ka m'kati kolola malonda kutsata munthu. Ndinabwela kunyumba mtima utatsika. A Josiah atatenga foni anapeza kuti tsamba lao la mpila lawaiwala, likuwafunsa dzina ngati mlendo, ndipo anadandaula kuti ndani wasesa m'foni mwanga mpaka kutaya ndi mipando yomwe. Ndinawafotokozela, anamva. Koma lelo m'mamawa, ine ndili kuchapa matewela, iwo anatsegula tsamba lanu lomwelo mwakachetechete. Akuti anafuna kudziwa zakudya zoyenela mai woyamwitsa amene alinso ndi pakati, kuti azindibweletsela. Mwaona mwamuna wabwino? Kabokosi kanu, poti tinasesa, kanaiwala kuti mailo ndinakana. Kanatulukanso. A Josiah ndi munthu wofulumila, wozolowela kuthamangila basi isananyamuke. Anadina lobiliwila. Nchito ya tsiku lathunthu inapita ndi chala chimodzi, ndipo sindingawakalipile chifukwa anabwela ndi mazila atatu.

Mwina mufunsa kuti, nanga osangobisa foniyo? Bambo, simuwadziwa apongozi anga, ngakhale ndikukhulupilila kuti Loweluka likamatha mudzakhala mutawadziwa. Akafika amapempha zinthu ziwili, madzi akumwa ndi foni. Amafuna kuona nkhope ya mwana wao Eustace amene ali ku migodi, akatha apo amafuna nyimbo za kwaya, ndipo amakhala nayo pa miyendo mpaka moto utathamo. Chizungu sawelenga, koma chithunzi cha mimba sichifuna sukulu. A Josiah anati tiwauze kuti foni yafa. Ndinawauza kuti ayeseze kaye pamaso panga. Anayamba kuti, amama, foni ija, foni ija, n'kuyamba kukanda khutu. Munthu wa zaka makumi atatu sanaphunzilebe kunamiza amai ake, ndipo ndi chifukwa chake ndinawakonda, koma mlungu uno sizikundithandiza. Komanso foni ikasowa tsiku lomwe iwo afika, adzafunsa mafunso khumi, ndipo lachisanu ndi chiwili lidzakhala lakuti, nanga iwe mkamwana, bwanji ukulavula malovu pafupipafupi?

Masana ano ndibwelelanso kwa a Lillian kukayamba poyamba. Koma andichenjeza kuti ena mwa anzanu ananyamula kale nkhani yanga kupita nayo kwao, ndipo kuzimitsa kaswichi kuno sikuwalanda zimene ali nazo m'thumba. Akuti pali njila yowalembela kuti afufute, mmodzimmodzi, m'Chizungu, ndipo amayankha pakatha mwezi. Pakatha mwezi bambo, mwana wanga adzakhala ali ku Mwape akumwa phala la madzi.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi ndi chimene chandigwilitsa cholembela m'malo mophika. Kuyambila m'mawa uno anzanu asintha nyimbo. Aona kuti m'nyumba muno muli khanda ndiponso mimba, ndiye ayamba kutionetsa mkaka wa m'chitini. Mwana wonenepa, masaya ngati maungu, botolo m'manja, amai ake atakhala patali akumwetulila ndi mimba yao. Ine ndataya kale mtima ndi chithunzichi, nanga apongozi? Muyenela kudziwa kuti iwo anesi sawakhulupilila, akuti ndi kamtsikana kopenta zikhadabo kosabelekapo. Ine sandikhulupilila chifukwa ndine wa dzana. Koma foni amaikhulupilila. Chaka china inanena kuti mvula igwa Lachinai, iwo anabzala nshawa Lachitatu, mvula inagwadi, ndipo kuchokela pamenepo amati foni siinama chifukwa ilibe chibale ndi munthu. Akaona chithunzi chimenecho sadzafunsanso wina aliyense. Adzati ngakhale foni yanena kuti mwana achoke pa bele. Azakhali akadzafika Lachiwili adzapeza mlandu utaweluzidwa kale, tsabola atasinjidwa.

Tsono bambo, pempho langa ndi laling'ono, loyenela munthu wamng'ono ngati ine.

Ngati n'kotheka, uzani anzanu apume masiku atatu, Loweluka, Sondo ndi Lolemba. Sindikuti asiye malonda, naonso ali ndi ana. Ationetse matayala, nsapato za mpila, mbeu ya chimanga, ngakhale mabokosi a malilo, apongozi amakonda kuyelekeza mitengo yake. Lachiwili azakhali akakamba, abwelele ku mimba yanga mmene afunila, ndidzawalandila ndi manja awili.

Mukapeza mpata, lidyetseniko batani lokanila lija kuti linenepe ngati mnzake, mulitulutse kuchipinda likhale pabwalo, ndipo muliphunzitse Chinyanja. Izi si za ine, ine zanga zada kale. Ndikuganiza za mtsikana wina amene mailo adzakhala pansi pa mtengo womwe uja, mwana ali kulila kumbuyo.

Koma ngati zonsezi n'zovuta, ngati pakamwa pa foni sipangatsekeke ngakhale masiku atatu, ndiye ndikupempha chimodzi chokha. Poti mwasankha kukhala wonyamula nkhani wa banja lathu, inyamuleni yonse. Pa tsamba lanu lomwelo, pansi pa kabokosi kaja, munalemba nokha kuti mai wapakati angathe kupitiliza kuyamwitsa, mkaka wake suonongeka. Ndinawelenga katatu, chala chili pa mzele. Mau amenewo ndi anu, si anga. Atengeni, muwaike pa chithunzi chachikulu cha mai wamimba ali ndi mwana pa bele, muchitumize Loweluka masana pakati pa nyimbo za kwaya, chizituluka kawilikawili ngati momwe chimachitila cha chitini. Apongozi akachichotsa chibwelenso. Njila mukuidziwa, foni mukuidziwa, ngakhale nthawi imene amakhala pa mphasa mudzaidziwa.

Ndafunsa a Lillian chifukwa chake chithunzi chotelo sichinatulukepo ngakhale kamodzi, pamene cha chitini chatuluka kasanu ndi kawili kuyambila m'mawa. Iwo akuti chithunzi chilichonse chimakhala ndi mwini wake amene ali ndi katundu pa shelefu. Ndiye ndamvetsa, ndipo ndikupepesa m'malo mwa bele langa, kuti pa anzanu onse lilibe womuimila chifukwa siligulitsa kanthu. Komabe Immaculate alidalila, ndipo iye sanadinepo batani lililonse.

Ndasiyila pano, wadzuka, afuna kuyamwa.

Ine wanu wogwadabe mpaka Loweluka,

Amake Immaculate